Nkhuku Yosazinga

Loweruka limenelo ndinadzuka mtima ukugunda ngati injini ya boti. Ayuba amabwera. Osati kubwera kwa masiku onse kuja, koima kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba padoko la Kachulu n'kumanamizira kuti tikunenerera nsomba, ayi. Amabwera kwathu, pakhomo penipeni, dzuwa likuswa mtengo, atavala nsapato, pamodzi ndi amalume ake, Che Ibrahim a ku chilumba cha Chisi.

Ayuba ndinamudziwa nditangomaliza mayeso a Fomu Folo. Ndinkathandiza amayi kugulitsa mpunga wophika padoko, iye n'kumabwera kuchokera ku chimbowera chake, kanyumba ka bango koyandama pamadzi, khungu litachita mbuu ndi mphepo. Tsiku loyamba anadya mbale imodzi. Tsiku lachiwiri anadya ziwiri, maso ali pa ine, mpaka anatsamwa. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga mabuku achikondi, chifukwa anyamata a m'mabukumo anayamba kuoneka ozizira.

Vuto linali pakamwa pangapa. Ine kutchalitchi ndinasiya ndili Fomu Fili, ndipo sindinasiye mwakachetechete. Ndinkauza aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna, kuti mvula imachokera ku nthunzi, kuti nyanja ikauma si mkwiyo wa wina aliyense, kuti mapemphero ndi nyimbo imene anthu amantha amadziimbira. Padoko anandipatsa dzina loti Asayansi, ine n'kulikonda. Ayuba ndikamamuuza zimenezi ankangoseka.

"Iwe Pati, ukamatsutsa umakongola," ankatero. "Koma ukunama."

Mawu anga aja anawoloka madzi mpaka ku Chisi. Ayuba anandiuza yekha titakumana pakati pa sabata, nkhope yake ilibe nthabwala.

"Amalume amva. Akuti mtsikana wa mpingo wina tingakhale naye pansi, koma woseka Mulungu tikakamba naye chiyani? Ndawapempha mpaka avomera kubwera. Ndiye ukawaonetsetse. Akasamba m'manja n'kudya, ndiye kuti alola kundiimira ngati ankhoswe. Akangomwa madzi n'kunena kuti boti likudikira, basi, zathera pomwepo."

Choncho moyo wanga wonse unali m'mbale imodzi ya mpunga ndi nkhuku.

M'mawa muja ndinasesa bwalo mpaka nyerere zinasowa pobisala. Ndinatsuka mipando, ndinapeta mpunga wa faya wopetedwa kale. Amayi anamanga thadzi lonenepa pamtengo wa mango, n'kundiuza kuti nditereke madzi, iwo akubwera. Sindinawafunse kumene amapita. Mutu wanga unali kutali: ndinali m'boti lokongoletsedwa ndi nsalu, nditavala zoyera, akazi a ku Chisi akululutira pagombe, Ayuba akundigwira dzanja kuti nditsike.

Madzi anawira. Amayi osabwera. Dzuwa linakwera pamwamba pa phiri la Chisi, amayi osabwerabe. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana thadzi, ndinayang'ana mpeni. Kwathu amati mkazi sapha nkhuku, ndipo chimenecho chinali chimodzi mwa zinthu zimene ndinkakonda kuzitsutsa ndi manja anga. Ndinaliponda mapiko, n'kumaliza ntchito. Pamene amayi ankalowa pabwalo, nkhuku inali m'beseni, yososola bwinobwino, ine ndikuimba.

Anaima. Anayang'ana beseni, kenako ine.

"Wazinga ndani?"

"Ndapha ndine, amayi. Nthawi imatha."

"Mayo ine!" Anagwira kumutu. "Patricia! Ine ndimakaitana aneba athu Che Saidi kuti adzatizingire, ndawapeza apita ku Songani, ndiye iwe kuno... Alendo ako ndi Asilamu, mwana iwe! Unabadwira kuti?"

Nyimbo inandifera m'kamwa. Ndinabadwira konkuno. Ndikudziwa, monga mwana aliyense wa kuno adziwira, kuti pakhomo pakakhala ukwati kapena maliro, mbuzi ndi nkhuku timapereka kwa Msilamu kuti azinge, atchulepo dzina la Mulungu, kuti aliyense adye. Ndinaziona kuyambira ndili wakhanda. Koma ndinali nditaziseka nthawi yaitali moti m'mutu mwanga zinasiya kukhala zenizeni.

Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa. Panatsala kathadzi kofungatira mazira, ndi tambala mmodzi wa amalume anga, a Wilisoni, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Amalume ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa mpunga, munthu woti ngakhale pamaliro amafunika kumukhazika kutali ndi anamfedwa kuopa angawaseketse. Tambala wawoyo anamutcha Dikoni, chifukwa ndi amene amadzutsa mudzi wonse Lamulungu.

Anatulukira atavala kale jekete la kutchalitchi, atamva kukuwa kwa amayi. Atamva nkhani yonse, anaona maso anga akulunjika kwa Dikoni, amene ankapalasa pafupi ndi nkhokwe.

"Iyayi," anatero. "Maso amenewo abweze."

"Amalume, chonde."

"Taima kaye, Asayansi. Tiye tikambirane ngati anthu ophunzira." Anakhala pampando wa alendo n'kupingasa miyendo. "Nkhuku iyi ndi yozinga zikusiyana pati? Mpeni ndi womwewo?"

"Ndi womwewo."

"Khosi?"

"Lomwelo."

"Magazi atuluka?"

"Atuluka."

"Chatsala ndi mawu basi. Ndipo iwe unatiuza pa khonde pomwe pano kuti mawu amenewo ndi mphepo chabe. Ndiye ika anyezi, ika tomato, alendo akafunsa tinene kuti azinga Che Saidi asanapite ku Songani. Adya, akhuta, ukwati wako wayenda, Dikoni wanga ali moyo. Walakwiridwa ndani?"

"Achimwene!" anatero amayi. "Mkulu wa mpingo!"

"Ine ndikungobwereza maphunziro a mwana wanu, chemwali. Fizi tinalipira."

Ndinayang'ana nkhuku ija m'beseni. Amalume sanalakwitse ngakhale pamodzi. Zinali mfundo zanga zomwe, atazivala ngati malaya anga, ndipo zinkawakwana. Che Ibrahim sakanadziwa. Akanasamba m'manja, akanadya, ndipo madzulo ake ine ndikanakhala mtsikana wotomeredwa. Chinthu chimene ndinkachifuna kuposa mpweya chinali m'beseni, chongofunika mchere.

Koma m'maso mwanga munabwera Ayuba. Tsiku lina tinakwera minibasi kupita ku Zomba, ine n'kugula kanyenya m'mbali mwa msewu. Iye anafunsa wogulitsayo kuti wazinga ndani, wogulitsayo n'kuyankha mozemba. Ayuba sanadye. Anayenda nane tauni yonse ndi njala, m'mimba mukulira mpaka ine kumamva, akumwetulira. Ndinamuseka tsiku limenelo. Tsopano ndinamuona atakhala pampando uwo, akunong'ona Bismillah monga amachitira ngakhale pa kachidutswa ka nzimbe, akutenga ntchafu, akundiyang'ana mobera ndi maso othokoza. Akanatafuna bodza langa mpaka mafupa.

"Sindingathe," ndinatero.

"Chifukwa? Kumwambaku unati kulibe munthu. Akuona ndani?"

"Ndikuona ine."

"Ehee," anatero amalume, akuwomba m'manja kamodzi. "Ulaliki wayamba." Anadzuka, anawaza timadeya pansi, ndipo Dikoni atayandikira anamugwira mwachikondi ngati akunyamula mdzukulu. "Dikoni, mbale wanga, wautumikira mpingo mokhulupirika. Wakhala Mkhristu moyo wako wonse, lero ukafa ngati Msilamu. Usadandaule, kumeneko mukakumana konko." Anamumanga miyendo ndi luzi n'kundipatsa. "Thamanga. Ukapanda kukwatiwa undibwezere tambala wanga."

Ndinathamanga! Nthenga za thadzi lija zili m'tsitsi, chitenje cha kukhitchini chili m'chiuno, tambala ali kukhwapa akukuwa ngati akudziwa. Ndinadutsa m'minda ya mpunga, m'timizere toterera, ndikudumpha ngalande. Ndinkaseka ndekha. Ine, Asayansi, ndikusaka Bismillah ndi miyendo yanga!

Ku mzikiti ndinapeza chitseko chotseka. Nyanja inali itangotsegulidwa kumene pambuyo pa miyezi yoletsa kupha nsomba, ndiye mwamuna aliyense wokhoza kugwira ukonde anali pamadzi. Ndinapitirira mpaka pamsika wa Kachulu. Pa sitolo ina panakhala bambo wovala kachipewa koyera. Ndinagwada, ndikupuma mothamanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinati, "Asalamu aleikumu, bambo. Mungandizingireko?"

Anandiyang'ana mwachisoni. "Ine ndine wa mpingo wa Ziyoni, chemwali. Chipewachi n'cha dazi."

Ndinathamangira ku mathandala, kumene mnzanga Sumaiya amayanika matemba. Tinaphunzira limodzi pulayimale, ndipo ndi yekhayo amene amandiposa pakamwa.

"Sumaiya, ndithandize! Ndikufuna wozinga!"

Anasiya kutembenuza matemba. Anayang'ana ine, tambala, nthenga za m'mutu. Kenako anatembenukira kwa amayi onse a pamathandala.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Asayansi akufuna pemphero! Lero nyanja iuma!"

"Usandichedwetse, iwe. Zinga ndiwe, si ndiwe Msilamu?"

"Kuno amazinga ndi amuna. Kapena ulembe kalata ku sayansi akutumizire wozinga wa batire?"

Amayi aja anafa nacho chiseko. Ine pofuna kumukoka dzanja ndinafewetsa khwapa, ndipo luzi la amalume, limene ndikukhulupirira mpaka lero kuti analimanga molekerera dala, linamasuka. Dikoni anauluka. Anatera pathandala pakati pa matemba, n'kuyamba kujompha ngati waitanidwa ku phwando.

"Tambala uyo! Matemba anga!"

Wina anaponya nkhuni, wina beseni. Dikoni anadumphira pathandala lina, kenako pansi, kenako pakati pa njinga za kabaza, ine ndili pambuyo. Anakhotera kudoko, kumene nthaka imasanduka matope akuda onunkha nsomba. Pamenepo miyendo yake inayamba kumira. Yanganso. Ndinadziponya ndi thupi lonse, n'kumugwira mchira ndi phiko limodzi.

"Ndakugwira, mdyerekezi iwe!"

Nditatukula mutu ndinaona mapazi awiri ovala nkhwaira, ndi m'mphepete mwa mkanjo woyera umene mwini wake anaukwinyira m'mwamba kuopa matope. Pamwamba pa mkanjowo panali ndevu za imvi ndi maso aang'ono osaphethira. Kumbuyo kwake kunali boti la ku Chisi, anthu akutsikabe. Ndipo pambali pake panaima Ayuba, nsapato zatsopano zili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Ayuba," anatero bamboyo osandichotsa maso, "ndi amenewa?"

"Ndi amenewa, amalume." Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

Ndinali nditagwada kale, choncho ulemu sunandivute.

"Mwafika bwanji, bambo?"

"Tafika bwino, mwananga. Kwanu alendo mumawachingamira chonchi, ndi ndiwo zamoyo?"

Ndinali nditakonza mawu okoma sabata yonse, oti ndidzanene nditasamba, nditadzola, maso ali pansi. Onse anathawa. M'malo mwake ndinakhuthula zonse mpweya umodzi: za thadzi, za madzi owira, za Che Saidi ku Songani, za bambo wa Ziyoni. Ayuba anatseka maso.

Che Ibrahim anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Nkhuku yoyambayo ili kuti?"

"M'beseni kunyumba. Yososola."

"Ndiye bwanji simunangoiphika? Ine ndakalamba ndikudya nkhuku, koma lilime langa silingakuuzeni kuti iyi njozinga, iyi ayi. Ndikanadya, ndikanathokoza."

Zimenezi zinandidzidzimutsa. Ndinkayembekeza kuti anena kuti nyama yosazinga imawawa, kapena imadwalitsa, zinthu zoti ndikanazigwetsa ndi chala chimodzi. Pakamwa panga panatseguka pasanandipemphe.

"Ndiye mumazingiranji?"

Ayuba anatsokomola mwamphamvu. Amalume ake sanamulabadire.

"Moyo uli m'tambalayu sindinauikemo ndine. Ndikamauchotsa ndimayamba ndatchula Mwini wake. Basi."

"Nanga ngati Mwini wakeyo kulibe?"

"Pati!" anatero Ayuba.

"Asiye, afunse. Ndabwerera zomwezi." Anawerama pang'ono. "Mwananga, inu simunaodirepo pa nyumba yopanda anthu?"

"Ndinaodirapo."

"Munachepa nazo?"

"Ayi. Koma ine ndinkaodira kuti ndidziwe ngati muli munthu."

"Ifenso," anatero.

Ndinafunafuna yankho. Mayankho ndinali nawo ambiri, ena ndinawaloweza m'mabuku, ena ndinawapanga ndekha ndikutsuka mbale. Koma onse ndinawasula kuti ndizimenyera anthu onena kuti akudziwa zonse. Munthu woima pakhomo akuodira sindinamukonzere kalikonse. Dikoni anandijompha pamkono, ine osamva.

"Ndamva kuti mumati Mulungu kulibe," anatero.

Apa ndi pamene ndikanatha kunena kuti anthu amangondinamizira. Ayuba ankandiyang'ana ndi maso opempha. Koma ndinali nditathamanga mtunda wonsewo kuthawa bodza limodzi, ndiye sindikanalowa m'lina matope ali m'mawondo.

"Ndinatero, bambo. Ndipo sindikunamizani kuti ndatembenuka chifukwa cha tambala. Sindinamuone Mulungu, mafunso anga akadalipo. Koma Ayuba ndamuyesa pa zinthu zambiri, si wopusa, si wamantha. Chimene iye amachigwira ndi manja awiri, ine sindingamudyetse mobisa ngati n'chopanda pake."

Amayi a pamathandala anali atasendera pafupi, aliyense akunamizira kuti akufuna china chake pansi. Che Ibrahim anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kuwerenga imvi za m'ndevu zawo. Mwini boti anafuula ali pa injini.

"Che Ibrahim! Paja munati ndikudikireni?"

Ndinakumbukira mawu a Ayuba aja a boti lodikira. Che Ibrahim anatambasula dzanja kwa amayi aja.

"Alipo ali ndi mpeni wakuthwa? Ndi madzi oyera pang'ono."

Sumaiya anafika nazo ngati anali atazigwira kale. Tinasunthira pouma, pansi pa mtengo. Che Ibrahim anapinda manja a mkanjo, anayesa mpeni pa chikhadabo, n'kuunola pamwala kumbali, atafulatira tambala kuti asaone. Kenako anathira timadzi m'chikhato n'kumumwetsa Dikoni. Zimenezi ndinali ndisanazionepo, kapena ndinkaziona osayang'ana.

"Gwirani miyendo ndi mapiko, mwananga. Osafinya. Asavutike."

Ndinagwira. Pansi pa nthenga ndinamva kamtima kake kakugunda mofulumira ngati kanga. Thadzi lija m'mawa ndinalipha ndikuganiza za diresi, sindinamve kalikonse. Che Ibrahim anatembenuzira tambala kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana popemphera, natsitsa mawu.

"Bismillahi, Allahu akbar."

Mawu amenewa ndawamva moyo wanga wonse, ali m'gulu la phokoso la padoko pamodzi ndi mainjini ndi mawayilesi. Tsiku limenelo ndinawamva ali pafupi ndi khutu langa, ndipo anamveka ngati odi. Ngati munayankha munthu m'katimo, ine sindinamve. Koma ndinapezeka kuti ndasiya kupuma, ndikumvetsera.

Mpeni unadutsa kamodzi. Kamtima kaja kanagunda, kanagunda, kenako kanaleka.

"Che Ibrahim!" mwini boti uja anafuulanso. "Ndizipita kapena?"

Anatsuka mpeni, anaubweza kwa Sumaiya ndi manja awiri, anatsitsa manja a mkanjo. Kenako anatembenukira kunyanja.

"Pita! Tikwera la madzulo. Tambala wokalamba ngati uyu sapsa msanga."

Sumaiya analulutira mpaka mbalame zinauluka m'bango. Ine ndinafuna kulumpha, kukuwa, kumukumbatira Ayuba pamaso pa Kachulu yense, koma ndinangonyamula Dikoni miyendo. Ayuba anadutsa pafupi nane ngati akufuna povalira nsapato.

"Uli ndi nthenga m'mutu," ananong'ona.

"Ndikudziwa."

"Usazichotse."

"Nkhani ya Mulunguyi sitinaimalize," anatero Che Ibrahim tikuyamba kuyenda. "Si ya tsiku limodzi. Mudzabwera ku Chisi ndi mafunso anuwo, akazi anga amakonda mikangano. Tsopano tsogolani, mukasambe. Ife tibwera pang'onopang'ono ngati alendo, ndipo sitinakuoneni."

Ndinathamanganso njira yomwe ija, tambala akulendewera, mpunga wa m'minda ukundikwapula m'miyendo. Amalume a Wilisoni anandichingamira pa nkhokwe. Anavula chipewa, anayang'ana Dikoni, napukusa mutu.

"Wazinga ndani?"

"Ankhoswe," ndinatero.

Anandiyang'ana, matope, nthenga ndi mano onse ali panja, ndipo anayamba kuseka mpaka anakhala pansi ndi jekete la kutchalitchi.

Tambala anachedwadi kupsa. Alendo anafika, anaodira, anakhala pansi pa mango, anakamba za mvula ndi za mitengo ya maukonde, amalume awiriwo akuyesana nthabwala ngati anyamata oyesana mphamvu. Amalume anga analengeza kuti iwo sangadye mtumiki mnzawo, ndipo amayi anawaphikira thadzi lija mu poto wina. Ine ndinatuluka nditasamba, nditavala diresi la buluu, nditanyamula beseni ndi jagi.

Ndinagwada pamaso pa Che Ibrahim. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, n'kufunsa amalume kuti mwana waulemu chonchi ndi wa ndani. Kenako anapinda manja a mkanjo, natambasula zikhato pamwamba pa beseni.

Ndinathira.